Msilikari Amene Anajambula Nkhondo ndi Mkono Wolasidwa

M'mzinda wa Philadelphia, ku America, muli nyumba yaikulu yosungiramo zithunzi zojambulidwa ndi manja, ndipo mwa zikwi za zithunzi za m'menemo muli cimodzi cacing'ono, cosafika ngakhale yadi imodzi m'litali mwace, cimene munthu wa pa cangu angacipitirire osaceuka. Utoto wace ngwakuda ndi wotuwa, ngati phulusa losanganiza ndi dothi. Koma woima pafupi aona kuti utotowo ngwocindikala kotero kuti anthu a m'cithunzimo atumphuka ngati osemedwa, ndi kuti pa matabwa ozinga cithunzico pasemedwa mifuti, zisoti zacitsulo, mabomba oponya ndi manja, ndi akasinja. Dzina lace pa Cingerezi ndi The End of the War: Starting Home, ndiko kunena kutha kwa nkhondo ndi kuyamba ulendo wa kumudzi. Anacijambula ndi Horace Pippin, munthu wakuda, wanchito wamba, amene anamenya nao nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 nabwerako ndi mkono wamanja wopuwala. Anaciyamba mu 1930, nacitsiriza mu 1933.

Kujambula nkhondo si cinthu catsopano. Kuyambira kale mafumu a ku Europe anali kulemba nchito amisiri a utoto kuti aonetse kupambana kwao, ndipo m'zithunzi zotero kazembe wa nkhondo amakhala pakati, pa kavalo, lupanga liri m'mwamba, pamene asilikari wamba ali kumbuyo ngati mapesi a m'munda. Wakufa akagona pansi amagona mwaulemu, malaya ace osada. Ambiri a amisiri amenewo sanamvepo fungo la wonga wa mfuti. Ngakhale pa nkhondo ya 1914 maboma anasungabe mwambowo. Boma la America linasankha amisiri 8 mu 1918, linawapatsa udindo wa ukaputeni, ndi kuwatumiza ku France kuti akajambule za asilikari ace. Onsewo anali azungu odziwa kale nchito ya zithunzi. Anagwira nchito yabwino, ndipo ena a iwo anafika pafupi ndi moto. Koma anali ndi cilolezo ca kuyenda apa ndi apo, ndi kubwerera kumbuyo akatha. Msilikari wa m'ngalande analibe ufulu wotere.

Nkhondo yomweyo inabalanso mtundu wina wa zithunzi, za anthu amene anagona m'matope ndi mfuti m'manja. Mngerezi wina, John Nash, anali m'gulu lochedwa Artists Rifles. Pa 30 December 1917, pafupi ndi mudzi wa Marcoing, gulu lace linalamulidwa kutuluka m'ngalande m'cisanu coopsa, ndipo mwa anthu 80 amene anatuluka, 68 anafa kapena kulasidwa m'mphindi zowerengeka. Nash anali mmodzi wa otsala, ndipo patapita miyezi yocepa anajambula tsiku limenelo: anthu alikuyenda mowerama, mitu iri m'mapewa, ngati anchito otopa opita ku shifiti ya usiku. Ku mbali ya Ajeremani kunali Otto Dix, woombera mfuti yaciwaya, amene mu 1924 anatulutsa zithunzi 50 zosindikiza, za mitembo, matope ndi anthu openga ndi mantha. Koma Nash ndi Dix anali amisiri a zithunzi asanabvale yunifomu, ndipo atabvula anangobwerera ku nchito yao.

Pippin ndiye anali wosiyana. Anabadwa pa 22 February 1888 m'tauni ya West Chester, m'cigawo ca Pennsylvania, zaka 23 zokha cithere ukapolo m'America, nakulira ku Goshen, m'cigawo ca New York. Anaphunzira pa sukulu ya ana akuda okhaokha. Ali mwana anapambana mpikisano wa kampani ina yogulitsa zojambulira, nalandira makrayoni ndi utoto wa madzi, ndipo anali kukonda kujambula akavalo a mpikisano amene Goshen inachuka nao. Sukulu anaisiya asanakwanitse zaka 16, cifukwa amai ace anadwala ndipo panafunika wogwira nchito. Kuyambira pamenepo anagwira iri yonse imene anaipeza: kutsitsa malasha, kunyamula akatundu a alendo pa hotela, kulongedza mipando ndi zithunzi za anthu olemera posamuka, ndi kuumba zikombole m'nyumba yosungunulira citsulo. Amene anagwirapo nchito pafupi ndi ng'anjo ya mkuwa adziwa mphamvu imene nchito yotere ifuna, ndipo adziwanso kuti kwa munthu wotere mkono wamanja ndiwo munda wace, ndiwonso nkhokwe yace.

America inalowa nkhondo mu April 1917, ndipo caka comweco Pippin, ali ndi zaka 29, analembetsa m'gulu la asilikari akuda la ku New York, limene pambuyo pace linapatsidwa nambala ya 369. Masiku amenewo asilikari a America anali olekanitsidwa monga mwa khungu. Anthu akuda oposa 350,000 anabvala yunifomu pa nkhondoyo, koma ambiri a iwo anapatsidwa fosholo m'malo mwa mfuti. A gulu la 369 naonso, atafika ku France kumapeto kwa December 1917, anayamba ndi kutsitsa akatundu pa doko la Saint-Nazaire, kukumba ndi kuyala njanji. Kazembe wamkulu wa America, John Pershing, anali kukana kwa mtu wa galu kupereka asilikari ace kuti alamulidwe ndi Afalansa kapena Angerezi. Koma pamene Afalansa, amene anyamata ao anali atatha ndi nkhondo, anaumirira kupempha, iye anawapatsa magulu anai a anthu akuda. Cotero a 369 anabvala zisoti za Cifalansa, nanyamula mifuti ya Cifalansa, ndipo pofika April 1918 analowa m'ngalande za dziko la Champagne, m'mphepete mwa nkhalango ya Argonne.

Kumeneko anakhala masiku 191 ku mzere wa kutsogolo, kuposa gulu lina liri lonse la America, ndipo mbiri iwadziwa ndi dzina lakuti Harlem Hellfighters. Mmodzi wa iwo, Henry Johnson, amene kwao anali wonyamula akatundu pa siteshoni ya sitima, usiku wina wa mu May 1918 anabweza gulu la Ajeremani ndi cigunda ca mfuti ndi mpeni, napulumutsa mnzace wolasidwa. Boma la kwao linadzampatsa mendulo yace yapamwamba mu 2015, iye atafa kale mu 1929. Afalansa analandira anthu amenewa monga asilikari anzao, ndipo zimenezi sizinakondweretse onse. Mu August 1918 kunayenda kalata yacinsinsi yocenjeza maofesala a Cifalansa kuti asadye pamodzi ndi maofesala akuda, asagwirane nao canza, ndiponso asatamande kwambiri asilikari akuda pamaso pa azungu a ku America. Kalatayo inaululika mu 1919, pamene W. E. B. Du Bois anaisindikiza m'nyuzi yace ya The Crisis. Komabe boma la France linaika mendulo ya Croix de Guerre pa mbendera ya gulu lonse.

Pippin anakwera nakhala kopolo. Moyo wa m'ngalande unali wa madzi ofika m'mawondo, nsabwe, makoswe, ndi maulendo a usiku okwawa pakati pa mawaya a mbali ziwiri, m'dziko losakhala la munthu ali yense. M'thumba mwace anali kuyenda ndi pepala ndi pensulo, ndipo pa nthawi yopuma anali kujambula zimene anaona. Zojambula za m'ngalandezo anayenera kuziononga asanabwerere kwao. Cotero zonse zimene anadzajambula pambuyo pace zinacokera m'mutu, ndipo ici ncoyenera kucigwiritsa pofuna kumvetsa nchito yace.

Pa 26 September 1918 kunayamba kuukira kwakukulu kotsiriza. A 369 anapita kutsogolo pamodzi ndi Afalansa, nalanda mudzi wa Séchault pa 29 September, atataya anthu ambiri ndi mifuti yaciwaya. M'masiku omwewo Pippin anaomberedwa paphewa lamanja ndi Mjeremani wobisala. Monga analemba yekha pambuyo pace, anali m'dzenje lokumbidwa ndi bomba, ndipo akayesa kukwera, wobisalayo anali kuombanso. Msilikari wina Mfalansa anafika pamphepete pa dzenjelo nasuzumira. Pippin asanathe kumcenjeza, cipolopolo cinampyoza mutu, ndipo mtembo wace unagwera pa wolasidwayo, amene analibe mphamvu yakuusuntha. Anagona pansi pa mtembowo maola ambiri kufikira anadzamtola. Madokotala analumikiza phewa ndi mkono ndi kacitsulo, koma mkonowo sunathenso kukwera pamwamba pa phewa.

Pamene mifuti inaleka kulira ku France pa 11 November 1918, Pippin anali m'manja mwa madokotala. Kuno ku Zambia mbiri ya mtendere inacedwa masiku atatu: pa 14 November ndi pamene kazembe wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anauzidwa pa mtsinje wa Chambeshi, ndipo pa 25 November anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala. Nkhondo ya mbali zino inasenzedwa ndi asikari ndi amtengatenga zikwizikwi, koma nkhope zao zimene zisungidwa m'mabuku zinajambulidwa kwakukulu ndi alendo, monga Walter von Ruckteschell, mmisiri wa zithunzi amene anali ofesala wa von Lettow-Vorbeck. Munthu wakuda wa pa nkhondo imeneyo kawirikawiri anali wojambulidwa ndi ena. Apa ndi pamene pagona kulemera kwa nchito ya Pippin, pakuti iye anadzijambulira yekha.

Gulu la 369 linabwerera kwao, ndipo pa 17 February 1919 linaguba mu mseu wa Fifth Avenue ku New York, khamu lirikupfuula. Koma caka comweco cinali ca mwazi kwa anthu akuda. M'mizinda yambiri, monga Chicago ndi Washington, munabuka zipolowe, ndipo kumwera asilikari ena obwera ku nkhondo anaphedwa ndi magulu a azungu. Pippin anatulutsidwa usilikari mu 1919 ndi penshoni ya madola 22.50 pa mwezi. Mu 1920 anakwatira Jennie, mai wamasiye wa mwana mmodzi, nakhazikika ku West Chester. Mkaziyo anali kucapa zobvala za anthu, ndipo mwamuna amene kale anali kunyamula citsulo anasanduka wopereka mitolo ya zocapa m'makomo. Anali kuthandiza pa gulu la anyamata a Scout ndi pa bungwe la asilikari akale. Koma nkhondo sinamcoke, ndipo panali masiku amene cisoni cinali kumgwira kolimba.

Poyamba anayesa kuitulutsa ndi mau. Analemba mbiri ya usilikari wace kangapo m'makope, ndi Cingerezi ca munthu wosapita patali ndi sukulu, ndipo m'kope limodzi anaikamo zithunzi zisanu ndi cimodzi za pensulo ndi krayoni: asilikari ali pa ulendo, ena atabvala zophimba kumaso za utsi wakupha, mabomba alikuphulika, ndege zirikumenyana. Makopewo asungidwa lero ku Washington, m'nkhokwe ya zolembedwa ya Smithsonian. Wowerenga apezamo munthu wofotokoza zoopsa ndi mau ozizira, monga wopereka lipoti la nchito kwa kapitao. Ndipo kuyambanso kwace nkhani imodzimodziyo kangapo kuonetsa kuti mau sanamkwanire.

Njira inapezeka pa mbaula ya m'nyumba. Ca m'ma 1925 anayamba kutenthetsa citsulo cosonkhezera moto mpaka cifiire, nacigwira ndi dzanja lamanja, mkono atautsamiritsa pa bondo, ndipo ndi dzanja lamanzere anali kuyendetsa thabwa pansi pa nsonga ya citsuloco. Dzanja lolemba linaima, thabwa ndilo linayenda. Nchito imeneyi inalimbitsa mkono pang'onopang'ono, kufikira anatha kugwira burashi, dzanja lamanzere litagwira pamfundo ya lamanja ndi kulikankha. Anali kujambula usiku m'kacipinda ka m'nyumba mwao, pansi pa nyali imodzi ya magetsi, ndipo utoto wina unali wotsala wopakira nyumba. Wojambula wa manja abwino akhoza kuthamangitsa burashi monga afuna, nafafaniza, nayambanso. Pippin sanathe kutero. Mzere uli wonse unali ndi mtengo wace wa ululu, ndipo iye mwini ananena kuti cithunzi anali kuyamba wacijambula m'mutu kangapo asanakhudze nsaru.

Ali ndi zaka 42 ndi pamene anayamba cithunzi cace coyamba ca utoto wa mafuta, cija ca ku Philadelphia, ndipo ananena kuti anacipaka utoto pafupifupi ka 100, wina pamwamba pa unzace. Kutsogolo kuli mpanda wa waya waminga, kotero kuti woona ali ngati waima m'ngalande alikuyang'ana kutsidya. Kuseri kwa wayawo kuli asilikari a Germany, ndipo wina wakweza manja onse awiri kugonja. Asilikari akuda alikuwadzera ndi mifuti, koma nkhope zao ndi zobvala zao zifanana ndi mitengo ndi dothi, kotero kuti diso liyamba lawasowa, kenaka liwapeza mmodzimmodzi, monga m'mene mlenje apezera nyama m'chire. Kumwamba ndege zirikugwa zirikuyaka, ndipo kufiira kwa apa ndi apo ndiko kudula mdima wa cithunzico. Palibe kazembe pa kavalo, ndipo palibe wokondwera, ngakhale mwa opambana.

Dzina la cithunzi linena za kupita kumudzi, koma mudzi suoneka pena pali ponse. Ndiponso tsiku lotsiriza la nkhondo Pippin sanaliona ali ku mzere, pakuti anali atalasidwa kale. Anasonkhanitsa zimene maso ace anazolowera pa miyezi ya m'ngalande, waya, utsi, ndege zakupsa, naumba nazo tsiku limene cipolopolo cinammana. Wina angati pamenepo cithunzico si umboni woona. Koma munthu amene afuna kudziwa tsiku ndi ola apite ku mabuku a boma. Cimene cithunzi ici cicitira umboni ndi cina. M'dziko limene munthu wakuda anali kujambulidwa kawirikawiri monga wanchito wa m'nyumba kapena woseketsa anthu, Pippin anaimika mzungu wokweza manja pamaso pa msilikari wakuda, ndipo anatero wopanda kudzitama kapena kunyoza. Mjeremani wogonjayo ndi munthu wotopa monga omgwirawo. Tsono kuzinga onsewo, akuda ndi oyera, anasema zida zija pa matabwa, ngati mpanda wacitsulo wopanda cipata.

Dzanja litazolowera, zithunzi zina zinatsatana. Ca m'ma 1931 anajambula Shell Holes and Observation Balloon, cimene ciri ku Baltimore: dziko la Champagne lodzala maenje a mabomba, nyumba zogumuka, ndi cibaluni ca azondi cirikulendewera kumwamba. Mulibe munthu ngakhale mmodzi, ndipo mwina ici ndico coopsa koposa zonse. Msilikari wa m'ngalande masana sanali kuona mdani. Anali kuona dziko lopanda kanthu limene likhoza kumupha akangodzutsa mutu, ndi diso lija la kumwamba louza mizinga polasa. Cina ca 1931, Gas Alarm Outpost, Argonne, cionetsa asilikari atatu pa ulonda, amene nchito yao ndi kuliza cenjezo utsi wakupha ukamadza. Palibe cimene cirikucitika, angodikira. Wojambula wa mfumu akadati pamenepo palibe cojambula, koma amene anakhalako adziwa kuti gawo lalikulu la nkhondo ndi kudikira makutu ali tcheru, monga wa pansi pa mgodi amvetsera kulira kwa mwala pamwamba pa mutu wace.

Zaka zonsezi anthu a m'tauni anali kumdziwa monga wolumala wa zocapa, ngakhale zithunzi zina anali kuziika m'mazenera a masitolo. Mu 1937 Christian Brinton, wodziwa za zithunzi, ndi N. C. Wyeth, mmisiri wochuka wa m'dera lomwelo, anaona nchito yace, ndipo caka comweco inaonetsedwa poyera ku West Chester. Mu 1938 zithunzi zace zinai zinapacikidwa mu Museum of Modern Art ku New York. Kwa Otto Dix, amene anamenya nkhondo m'dothi loyera lomwelo la Champagne, kutsidya kwa waya, mu 1915, caka ca 1937 cinali ca mtundu wina. Boma la Hitler linali litamcotsa kale pa nchito ya uphunzitsi ku Dresden mu 1933, ndipo mu July 1937 zithunzi zace zinapacikidwa ku Munich pa cionetsero conyoza zithunzi zimene bomalo linaziyesa zoipitsa mtundu. Cithunzi cace cacikulu ca ngalande yodzala mitembo cinasowa m'zaka zotsatira ndipo sicinapezekenso. Boma lokonzekera nkhondo yatsopano silikadalola msilikari wakale kuonetsa anyamata cimene cirikuwadikira.

Kuyambira 1940 wogulitsa zithunzi wa ku Philadelphia, Robert Carlen, anatenga nchito ya Pippin, ndipo Albert Barnes, mwini cuma wosonkhanitsa zithunzi, anagula zingapo. Olemba nyuzi anamucha wojambula wacibadwa, wosaphunzira, monga ngati zithunzizo zinangodzigwera ngati masuku. Kuyamika kotere kuli ndi cipongwe m'kati mwace. Munthu wokhalira cithunzi cimodzi zaka zitatu, wokana utoto wowala cifukwa nkhondo imene anaiona inalibe kuwala, sali mwana woseweretsa makala pa khoma. Sukulu ya zithunzi ndiyo imene analibe. Nzeru ya nchito anaipeza monga anchito ambiri aipezera, pa kuigwira. Ogula ambiri anakonda zithunzi zace za maluwa, za m'nyumba ndi za ubwana wace, ndipo iye anawajambulira zimenezo. Koma nkhondo yaciwiri itabuka, ndipo anyamata akuda atayambanso kupita ku magulu olekanitsidwa monga kale, nkhani yakale inabweranso.

Mu 1943 anajambula Mr. Prejudice, ndiko kuti Bambo Tsankho. Pakati pali cilembo cacikulu ca V, cizindikiro ca kupambana ca masiku amenewo, ndipo mzungu wina alikukhomera citsulo cosongoka ndi nyundo kuti acing'ambe pakati. Mbali ina kuli anthu akuda, mbali ina azungu, asilikari ndi anchito a m'mafakitale. Pamwamba paima wa gulu la Ku Klux Klan m'mkanjo wace woyera, ndipo palinso wina wogwira cingwe copacikira anthu. Pakati pa akudawo pali msilikari wa yunifomu ya nkhondo yoyamba, mkono wamanja uli lende. Mu 1945 anajambula The Barracks, nyumba yogona asilikari akuda, makama osanjikana, munthu ali yense ali yekha m'malo mwace. Amene anagonapo m'makomboni a migodi ya ku Johannesburg sangafune womasulira. Caka comweco boma la America linampatsa mendulo ya Purple Heart, ya olasidwa pa nkhondo, zaka 27 cilasidwire.

Zithunzi zace zotsiriza za nkhondo poyamba sizioneka ngati za nkhondo. Zichedwa Holy Mountain, phiri loyera, ndipo zacokera pa masomphenya a mneneri Yesaya a zirombo zogona pamodzi ndi zoweta. Mbusa wakuda wa mkanjo woyera waima pakati pa mikango, ana ndi nkhosa, pa msipu wa maluwa. Koma kumbuyo kuli nkhalango yakuda, yofanana ndi ija ya m'cithunzi cace coyamba, ndipo woyang'anitsitsa pakati pa mitengo aona timitanda toyera ta manda ndi asilikari. Pa coyamba analembapo tsiku la 6 June 1944, pamene asilikari anaoloka nyanja kukatsika ku Normandy. Pa caciwiri 7 December 1944, tsiku lokumbukira Pearl Harbor, ndipo m'mitengo yace mulinso munthu wopacikidwa. Pa cacitatu 9 August 1945, tsiku limene bomba la atomu linagwa pa Nagasaki.

Ndalama ndi mbiri zinafika mocedwa, ndipo sizinadzetse mtendere m'nyumba. Jennie anadwala matenda a maganizo nagonekedwa m'cipatala mu 1946. Pippin anamwalira ali m'tulo pa 6 July 1946, ali ndi zaka 58, ndipo mkazi wace anamtsata patapita masabata awiri. Anasiya zithunzi pafupifupi 140, ndipo cacinai ca phiri loyera cinatsala cosatha.